Ntchito itatha ku Kanengo, amene anandikumbukira sanali mabwana

Munthu wa ku stoko amadziwa kuti kampani ikudwala mabwana asanatsegule pakamwa. Ena amazindikira malipiro akayamba kuchedwa, ife timaonera pa mashelefu. Ndinagwira ukalaliki wa stoko zaka 8 pa kampani ina yopanga matumba ku Kanengo, ndipo zipangizo zathu pafupifupi zonse zinkachokera kunja, kudzera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Kale makontena ankafika mondondozana mpaka tinkasowa poika katundu. Kuyambira mu 2022, chaka chomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi, anayamba kufika mwa apo ndi apo. Oda tilemba, abwana asayina, koma kubanki madola kulibe. Pomwe kwacha imagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makina ena anali atafunditsidwa kale, ndipo shifiti ya usiku inali itatha. M'nyumba yosungira katundu, momwe kale folokolifiti inkavutika kutembenuka, anyamata onyamula katundu ankaseweramo mpira wa mapepala nthawi ya nkhomaliro.

Choncho kalata itabwera kumapeto kwa Febuluwale 2024 sindinadabwe, ngakhale kuti kuwawa kwake kunali komweko. Anatisonkhanitsa m'chipinda chodyera, mayi wa ku ofesi yoona za antchito n'kumatchula mayina mmodzimmodzi. Watchulidwa apite kutsogolo, alandire envelopu, asayine. Zimene abwana analankhula tsiku limenelo ndinaiwala. Chimene sindiiwala ndi makiyi. Ndinali ndi mpukutu wa makiyi wolemera, womwe unandiboolera matumba a mathalauza angapo, ndipo nditaupereka kwa mkulu wa alonda ndinayenda mpaka pa siteji dzanja likungopapasa m'thumba mopanda kanthu.

Ndinene kaye za ndalama, chifukwa anzanga ambiri anasayina tsiku lija osawerenga n'komwe. Lamulo la za ntchito, Employment Act, limati munthu wochotsedwa chifukwa choti kampani ikuchepetsa antchito alandire ndalama yotsanzikira, ija timangoti severance. Kawerengedwe kake si kovuta. Zaka 5 zoyambirira, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chomwe wamaliza. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu pa chaka. Kupitirira apo, masabata anayi. Zanga zaka 8 zinatuluka masabata 19. Pamwamba pake pali mwezi wa notisi kwa ife olandira pamwezi, kapena ndalama yake ngati akufuna uchoke lero lomwe, komanso masiku a tchuthi omwe sunapume. Pa pepala langa masiku a tchuthi panalibe. Kalaliki sataya kabuku, ndiye ndinabwererako ndi kabuku kanga momwe ndinkalemba tsiku lililonse lomwe ndinapuma, ndipo anakonza popanda phokoso. Akanakana, ofesi ya leba ilipo, ndipo kukakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, ngakhale kuti kumeneko munthu upite ndi mtima wodikira. Musachokenso popanda kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito yanji, kuyambira liti mpaka liti, chifukwa kulikonse komwe mukafunsire adzaifuna.

Penshoni ndi nkhani ina. Mwezi ndi mwezi ankandidula 5 peresenti, kampani n'kumaikapo 10 peresenti, monga lamulo linenera. Ntchito ikatha ndalamayo sutenga yonse, ndipo sutenga pompo. Umadikira kaye miyezi ingapo uli pa ulova, kenako amakupatsa gawo, lotsalalo limakudikira ku ukalamba. Chofunika n'kupita msanga ku kampani yosunga penshoni kukapempha sitetimenti, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula ndalama pa malipiro koma osakapereka, ndipo a Reserve Bank akhala akudandaula za khalidwe limeneli. Yanga ndinaipeza yonse, mwamwayi.

Mbiri yoti wakuti walandira zake imathamanga kuposa mbiri yoti ntchito yamuthera. Chaka chimenecho mvula inadula, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Kumudzi kwathu ku Dowa anthu ankangoyang'ana kuno. Amalume anaimba foni kupepesa, ndipo kupepesa kusanathe anali atafika kale pa matumba awiri a chimanga. Sindikuwanena ayi, njala inalipodi. Koma ndalama ya severance imaoneka yambiri tsiku loilandira lokha.

Amene anaigwira ndalamayo kuti isabalalike ndi mayi akunyumba. Iwo ndi telala, ali ndi makina awo pa khonde la sitolo ina pa Nsungwi, ndipo anazolowera ndalama yobwera lero mawa osabwera, pomwe ine zaka zonsezi ndinkangodziwa tsiku la malipiro. Usiku womwewo anatenga kope la mwana n'kung'amba tsamba la pakati.

“Abambo, tiyambe ndi zimene zingatichititse manyazi. Lendi, chimanga, fizi. Zotsalazo tiona.”

Tinasamuka m'nyumba ya mpanda ku Area 25 n'kukalowa kanyumba ka zipinda ziwiri cha ku Dzenza, komwe madzi timakatunga pa kiyosiki, ndipo tinalipiriratu lendi ya miyezi ingapo. Ana awiri aang'ono tinawachotsa ku sukulu ya pulaiveti n'kuwalembetsa ku ya boma. Wamkulu, amene anali Fomu 3, tinamusiya komwe anali. Furiji tinagulitsa, popeza inkangodya mayunitsi muli botolo la madzi lokha.

Malangizo ndiye sanasowe. Aliyense wokumana naye, ngakhale amene sanagulitsepo ndi phwetekere yemwe, amakuuza kuti “masiku ano n'kudzilemba wekha ntchito, yambani geni.” Ena ankati ndigule njinga yamoto ya kabaza, ena ankati ndisonkherane ndi mnzanga tigule Sienta. Mnzanga wina wa ku makina anaguladi njinga n'kupatsa mnyamata kuti aziyendetsa. Mafuta atayamba kusowanso, njingayo inkatha tsiku lonse pa mzere, mnyamata n'kumabweretsa nkhani m'malo mwa ndalama. Ine ndimalemekeza anthu a geni, mkazi wanga ndi mmodzi wa iwo. Koma si aliyense anabadwa ndi mtima wotsatsa malonda. Ine ndimadziwa kuwerenga katundu wa eni ake, kumusunga, ndi kudziwa komwe thumba limodzi lalowera. Kuuza munthu wotero kuti athire ndalama yake yomaliza mu bizinesi yomwe sakuidziwa, ine ndimaona kuti n'kumukankhira kuphompho uku ukumwetulira.

Za masiku a ulova anthu sakamba zambiri, mwina chifukwa mulibe chokamba. Kovuta ndi m'mawa. Ikamakwana sikisi, msewu wopita ku Kanengo umadzaza anthu, ena pansi, ena pa njinga, zikhwama za nkhomaliro kumsana. Ikamati eyiti, pamalo pamatsala amayi ochapa, ana osayamba sukulu, ndi iwe. Ukatuluka panja amayi aja amatsitsa mawu. Ukakhala m'nyumba malata amatentha. Mwana wanga wamng'ono tsiku lina anandifunsa kuti, “Adadi, kodi holide yanu itha liti?” Amayi ake anamukalipira, koma funsolo linali labwinobwino.

Kenako abale amazindikira kuti uli ndi nthawi. Lova ndiye amatumidwa ku maliro onse. Kukagwa zovuta ku Mponela, “apite akuti, ali pakhomo.” Wodwala akagonekedwa ku Central, woperekera phala ndiwe. Kutchalitchi anandiika mu komiti ya zomangamanga ndi ya chitukuko nthawi imodzi. Thiransipoti yake palibe amene amafunsa kuti ichokera kuti. Komabe ndisaname, maulendo amenewo ndi amene ankandichititsa kusamba m'mawa ndi kuvala malaya ositidwa, ndipo munthu amene akusambabe m'mawa sanatheretu.

Kufunsira ntchito nakonso ndi ntchito, ndipo kumadya ndalama. Mnyamata wogulitsa nyuzi pa Nsungwi ankandilola kujambula ndi foni masamba a ntchito a mu The Nation ndi The Daily Times, ine n'kumamugulira chiwaya ndikapeza kangachepe. Zambiri zinkabwera m'magulu a WhatsApp. Ukaona yokuyenera, pamafunika kusindikiza CV, kufotokopa masatifiketi ndi chitupa cha unzika, kugula envelopu, kenako minibasi mpaka ku Old Town kapena ku City Centre. Kumeneko sufika ndi pa ofesi pomwe. Mlonda amalandira envelopu yako pa geti n'kuiponya m'katoni momwe muli kale mulu wa zinzake. Ndipo ntchito yomweyo yomwe ndinaigwira zaka 8 ndi MSCE ndi dipuloma, tsopano ankailemba kuti akufuna wa digiri, wodziwa mapulogalamu a pa kompyuta a Sage kapena SAP, wosapitirira zaka zakuti. Ku intavyu ina ndinakhala pa benchi limodzi ndi ana oti ndikanatha kuwabereka, onse ndi madigiri awo m'mafayilo apulasitiki. Sindinawachitire nsanje. Iwo sanalawepo n'komwe malipiro a pamwezi.

Chenjezo limodzi. M'magulu a WhatsApp muja mumadutsa zotsatsa ntchito za mabungwe, zolembedwa bwino, chizindikiro cha bungwe chili pamwamba. Ukatumiza makalata amakuyankha tsiku lomwelo kuti wasankhidwa, koma utumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ati ya kuchipatala kapena ya yunifomu. Mwana wa aneba athu anatumiza ndalama yomwe amayi ake anakongola ku banki mkhonde, nambala ija n'kuzima. Ntchito yeniyeni siyamba ndi iwe kulipira. Nthawi yomweyo n'kuti nkhani ya achinyamata opita kukagwira ntchito m'minda ku Israel ili m'kamwam'kamwa, ndipo akamberembere ena anapezerapo mpata wodyera anthu m'dzina la ulendo umenewo.

Tsopano mabwana. M'foni mwanga munali manambala a mamanijala ambiri, a kwathu komwe ndi a makampani omwe tinkagulako katundu, anthu oti tinkaseka nawo pa Khirisimasi. Ndinawaimbira onse. Yankho linali limodzi, ngati anapangana: “Pepani kwambiri akulu, ndikamva kanthu ndikuuzani.” Ukaimbanso, foni imangolira. Poyamba zinkandipweteka, koma pano ndimawamvetsa. Bwana amadziwa za mipando ya mabwana anzake, ndipo chaka chimenecho aliyense ankagwiritsa mpando wake ndi manja awiri. Komwe kukufunika kalaliki, wa pa sikelo, kapena kapitawo, amene amayamba kudziwa ndi anthu oyenda m'mageti ambiri pa tsiku: madalaivala, alonda, anyamata otsitsa katundu. Manambala awo ambiri ndinalibe.

Mmodzi wa iwo ndiye anali ndi yanga. Mu Meyi, anthu atayamba kukolola, foni inalira, nambala yachilendo.

“Akalaliki, muli moyo? Ndine uja wa lole yoyera, ndinkabweretsa katundu wa ku Beira.”

Ndinawakumbukira. Ndi bambo wachikulire ndithu, wa ndevu za imvi. Lole ikafika madzulo, lamulo la pa kampani linali loti idikire mawa, dalaivala agone pa geti. Ine ndinkapempha anyamata kuti titsitse usiku womwewo, ndisayine mapepala, munthu azipita kwa ana ake. Sikuti ndinali woyera mtima, ndinkangodana ndi kuyamba tsiku ndi ntchito ya dzulo. Koma iwo anazisunga.

“Madala, moyo ulipo, koma ntchito ija inatha.”

“Ndinamva. N'chifukwa chake ndaimba. Pano ndikunyamula soya ku Mitundu. Bwana amene ndikumunyamulira wathamangitsa kalaliki wake dzana, matumba amasowa. Akufuna munthu wodziwa buku. Ndalama yake ndi yochepa, musadzandinene. Ndamuuza kuti ndikudziwa munthu.”

Ndalamayo inalidi yochepa, yosafika ndi theka la yomwe ndinkalandira. Kalata ya ntchito panalibe, penshoni panalibe, ndipo inali ya nyengo yokolola yokha. Ndinazengereza, poganiza kuti nanga akandiitana ku intavyu ndili kumudzi. Mayi akunyumba anangoyankha ali pa makina, osadzutsa ndi mutu womwe: “Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abambo. Pitani.”

Ku Mitundu, kufupi ndi ku Bunda, ndinapeza shedi ya malata, sikelo yopachika pa mtengo, mulu wa matumba, ndi kope limodzi lothimbirira mafuta momwe munalembedwa zinthu zoti ngakhale mwini wake sakanaziwerenga. Sabata yonse ndinkagona momwemo pa matumba a soya, kunyumba n'kumabwera Loweruka. Fumbi la soya limalowa paliponse, m'mphuno, m'makutu, ndi mu nsima momwe.

Ntchito ya pa sikelo ndi ntchito ya kukayikirana. Mlimi amafika ndi thumba pa njinga kapena pa ngolo ali wotsimikiza kale kuti umubera, ndipo ali ndi chifukwa, poti mavenda ambiri amaseweretsa sikelo. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka, a Malawi Bureau of Standards amayenera kuyeza masikelo ndi kuwadinda, koma kumudzi zimenezo zimafika mochedwa kapena osafika n'komwe. Nayenso wogula amakayikira mlimi. Pansi pa thumba pamatha kukhala mchenga kapena timiyala, soya wina amabwera asanaume, ndipo mtedza ena amauwaza madzi kuti usavute kuswa ndiponso kuti ulemere, zomwe zimabweretsa chuku. Thumba lililonse ndinkalilowetsa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutapa za pansi, n'kuluma njere imodzi. Youma imalira pa dzino, yaiwisi imangophwanyika mwakachetechete.

Chinthu choyamba chomwe ndinasintha n'chaching'ono. Sikelo inkayang'ana kwa kalaliki, mlimi n'kumangomva nambala. Ndinaitembenuza kuti iziyang'ana kwa mlimi, iye azitchula yekha makilogalamu, ine ndizilemba. Gogo wina wamkazi amene sankadziwa kuwerenga ankabwera ndi mdzukulu wake wa Sitandade 5, kamtsikana kochenjera, ndipo kankawerenga mokweza kuti aliyense pa mzere amve: “Fote seveni ndi hafu!” Gogoyo n'kuvomera ndi mutu ngati ndi iye wawerenga. Sipanapite nthawi, anthu anayamba kudutsa masikelo ena n'kumabwera kwathu, ngakhale kuti mtengo unali umodzimodzi.

Chachiwiri ndi buku. Ndinagula makope atatu ndi ndalama yanga: la zolowa, la zotuluka, ndi la ndalama. Thumba lililonse lodzaza makilogalamu 50 linkasokedwa ndi kulembedwa nambala ndi choko. Lole ikamanyamuka, dalaivala ankasayina chiwerengero cha matumba ndi kulemera kwake, pepala limodzi n'kutenga, lina n'kutsala. Ku Kanengo zimenezi ndi zinthu wamba zoti palibe angakuyamikire. Ku Mitundu bwana uja ankaziona ngati matsenga. Anasiya kubwera tsiku ndi tsiku, ankangoimba madzulo kufunsa kuti talowetsa angati.

Soya ameneyo ankapita ku kampani ina yopanga mafuta ophikira ndi zakudya za ziweto, ku Kanengo komweko. Kumeneko lole imakwera pa sikelo yaikulu ili yodzaza, ikatsitsa imakweranso, kusiyana kwake ndiye kulemera kwa katundu. Kawirikawiri nambala ya pa pepala la wogulitsa ndi ya pa sikeloyo zimatalikirana, ndiye pamakhala mkangano. Mapepala a ku Mitundu ankangosiyana pang'ono, lole ndi lole. Mkulu woyang'anira nyumba zosungira katundu kumeneko anafunsa madala aja kuti amalemba mapepala amenewa ndani. Izi anandiuza okha madalawo, akuseka, kuti anayankha kuti, “Ndi munthu amene munamutaya nokha a ku Kanengo.”

Nyengo yogula itatha ndinabwerera ku Dzenza, pa ulova pomwe paja. Mu Okutobala madala aja anaimbanso kuti ku kampani ija wina wachoka, ndikasiye makalata. Musaganize kuti ndinangolowa. Envelopu ndinakasiya pa geti ngati wina aliyense, intavyu ndinachita pamodzi ndi anthu ena, ndipo anandifunsa za kompyuta zomwe zina ndinayankha mokayikira. Kusiyana kwake kunali kwakuti mmodzi mwa ofunsawo anali ataona kale zolemba zanga miyezi yonse ya soya. Atandifunsa zomwe ndinkachita chichokereni pa ntchito yakale, sindinachite kufotokoza zambiri. Ndinatulutsa makope atatu aja, omwe bwana wa ku Mitundu anandilola kutenga, n'kuwaika pa tebulo, fumbi la soya likadali m'masamba.

Anandilemba ngati wothandizira wa ku stoko. Udindowu ndi wotsika poyerekeza ndi wakale, malipiro ndi ocheperapo, ndipo ndi mmene zinthu zakwerera mitengo, ndalamayo imagula zochepa kwambiri kuposa zomwe ndinkagula mu 2022. Amene amandiyang'anira ndi mnyamata woti ndimamuposa ndi zaka zoposa khumi. Amanditchula kuti “adadi”, ine ndimamutchula kuti “bwana”, ndipo timagwirizana. Iye akundiphunzitsa za pa kompyuta, ine ndikumuphunzitsa kuyang'ana mulu wa matumba n'kudziwa kuti pakati pake pali mphako. Ena amati ndinabwerera m'mbuyo. Akhoza kunena, koma penshoni yayambanso kulowa, ndipo wamkulu uja mayeso a Fomu 4 analemba fizi yake italipidwa yonse.

Ku Dzenza sitinasamuke. Mayi akunyumba akuti nyumba ya mpanda idikire kaye mpaka ngongole ya ku banki mkhonde ithe, ndipo ana aang'ono aja azolowera sukulu yawo moti sakufunanso kusintha. Mwa anzanga omwe tinalandira nawo maenvelopu tsiku lija, wina ali ku Joni, wina anabwerera kumudzi ku Kasungu kukalima fodya, wa njinga uja anaigulitsa ndipo pano ndi mlonda ku Area 47. Angapo akadali pakhomo. Tili ndi kagulu ka pa WhatsApp, ndipo ndikamva kwa madalaivala kuti kwakuti akufuna munthu, ndimaponya momwemo nthawi yomweyo.

Sabata yatha madala aja anabwera kudzatsitsa chimanga. Titamaliza anandikokera pambali, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti ali ndi mdzukulu wawo amene anamaliza Fomu 4, masamu amakhoza, koma akungokhala ku Mgona. Ndawauza kuti pa kampani pano ine ndilibe mphamvu yolemba munthu, ndisawanamize. Koma bwana wa ku Mitundu uja wandiimbira kale kuti soya akayamba adzafuna kalaliki, ndiye mnyamatayo azibwera kunyumba Loweruka lililonse masana ndi kope ndi cholembera, tiyambe ndi buku la zolowa.